Munda Wokumbukira Mwana—Kodi Ungathandize Makolo Olira?

1, 2. (a) Kodi makolo ena ofedwa mwana achitanji pabwalo la nyumba yawo? (b) Kodi tidzakambitsirana mafunso otani?

TAYEREKEZERANI kuti mukuyenda madzulo mumsewu wina wa Ga-Rankuwa, tauni imene ili pamtunda wa makilomita oposa 30 kumpoto chakumadzulo kwa Pretoria, mu South Africa. Pambali pa kanyumba ka lendi mukuona kamunda kachilendo. Matayala atatu akale apakidwa utoto wachikasu ndi wofiira, ndipo mkati mwake mwamera maluŵa. Pakati pa maluŵawo paima galimoto yawaya, yonga imene anyamata amapanga kumudzi. Palinso miyala yojambulidwa maso ndi milomo yomwetulira, ndi kansapato kakang'ono kodzazidwa dothi. Mwinamwake mungaganize kuti panyumbapo pali mwana wokonda kuseŵera. Analipodi, koma anamwalira, ndipo makolo ake ndiwo anakonza malowo.

2 Ena poona zimenezi angadabwe, ngakhale kukhumudwa kumene. Iwo angafunse kuti: ‘Kodi imfa ya mwana njoseŵera nayo?’ Enanso angade nkhaŵa kuti makolowo ayamba kupembedza akufa. Popeza kuti m'mipingo yathu muli atate ndi amayi ambiri amene anaika ana awo m'manda, nkoyenera kuti tiipende nkhaniyi mofatsa. Kodi nchifukwa ninji makolo ena amafuna malo otero? Kodi kukhala nawo nkoyenera? Kodi munda ungathandize motani, ndipo nchiyani chimene sungachite?

Chisoni Chosoŵa Kopita

3. Kodi nchifukwa ninji kuchepa kwa imfa za ana sikumachepetsa chisoni cha kholo lofedwa?

3 Malinga ndi bungwe la United Nations, ana pafupifupi 4.9 miliyoni osafika zaka zisanu anamwalira padziko lonse mu 1 chaka chokha cha 2022. M'Malaŵi zinthu zawongokera kwambiri. Kufufuza kwa mu 1992 kunapeza kuti mwa ana 1,000 alionse obadwa amoyo, 234 anali kumwalira asanafike zaka zisanu, pamene kufufuza kwa mu 2015 ndi 2016 kunapeza ana 63. Komabe, kwa mayi amene manja ake ali opanda kanthu, ziŵerengero zimenezo sizili chitonthozo. Iye sanataye chiŵerengero. Anataya mwana amene anali ndi dzina, kasekedwe kakekake, ndi chakudya chimene anali kuchikonda. Yakobo anali ndi ana ena ambiri pamene anauzidwa kuti Yosefe wafa, komabe iye analira masiku ambiri ndi kukana kutonthozedwa.—Genesis 37:34, 35.

4. Kodi makolo okhala kudziko lachilendo amayang'anizana ndi vuto lotani ponena za manda?

4 Kwa Amalaŵi, Azambia, ndi a ku Mozambique amene amagwira ntchito m'chigawo cha Gauteng, chisonicho chimabwera ndi mtolo winanso. Ambiri amafuna kuti womwalirayo akagone kwawo. Chotero achibale ndi mabwenzi amasonkha ndalama, ndipo mtembo umayenda ulendo wautali kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, ndi Zobue kufikira utaloŵa m'Malaŵi pa Mwanza. Maliro atatha, makolowo amabwerera kuntchito, akumasiya manda kutali kwambiri. Ena amene sangakwanitse ulendowo amaika mwanayo m'manda a mumzinda, akumadziŵa kuti tsiku lina iwo adzabwerera kwawo ndi kumsiya kumeneko. Mulimonse mmene zingakhalire, kholo ndi manda zimalekana.

5, 6. (a) Kodi ndi mikhalidwe ina iti imene imasiya makolo opanda malo okumbukirapo mwana? (b) Kodi zimenezi zimawayambukira motani?

5 Ngakhale kumudzi kwenikweniko, manda sali malo opitako wamba. M'midzi yambiri ya Achewa manda ali mumsitu umene mitengo yake siidulidwa chisawawa, ndipo munthu samaloŵamo popanda chilolezo cha mfumu. Mayi wopezedwa ali yekha kumanda anganenedwe zoipa. Ponena za khanda lobadwa lakufa, mwambo wa m'madera ambiri ngwakuti liikidwe ndi akazi okhaokha, mofulumira ndi mopanda kulira mokweza. Mu South Africa, lamulo la mu 1992 la kalembera wa obadwa ndi omwalira limaŵerengera khanda kukhala lobadwa lakufa ngati pathupi panali patafika milungu 26, ndipo makolo ambiri opita padera isanakwane nthaŵiyo achoka kuchipatala popanda maliro alionse. Ndiponso, pamene namondwe wa Freddy anakantha kummwera kwa Malaŵi mu March 2023, matope anakokolola nyumba m'madera onga Chilobwe mu Blantyre, ndipo mitembo ya anthu mazana ambiri sinapezeke konse.

6 Kodi chimachitika nchiyani kwa makolo otero? Anthu obwera kudzakhuza maliro amabalalika, mphasa zimapindidwa, ndipo moyo wa ena umapitiriza. Patapita miyezi yoŵerengeka, achibale amaleka kutchula dzina la mwanayo poopa kudzutsa zogona. Koma mumtima mwa kholo palibe chimene chagona. Chikondi chimene chinazoloŵera kusambitsa, kudyetsa, ndi kubereka kumbuyo chidakalipo, koma chikusoŵa kopita. Apa mpamene ena apeza kuti kachigawo kakang'ono ka nthaka kangathandize.

Kodi Malo Okumbukira Ngoyenera?

7. Kodi ndi zitsanzo zakale ziti zimene zimasonyeza kuti kukumbukira womwalira pamalo akutiakuti sikolakwa?

7 Kufuna malo okumbukirapo wokondedwa sikuli kwatsopano. Pamene Rakele anamwalira pobala Benjamini, Yakobo anamuika panjira ya ku Efrata naimika mwala pamanda ake. (Genesis 35:16-20) Chaputala chimodzimodzicho chimasimba za Debora, mlezi wa Rebeka, amene anaikidwa pansi pa mtengo waukulu pafupi ndi Beteli. Mtengowo unapatsidwa dzina lokumbutsa za kulira kumene kunachitika pamenepo. (Genesis 35:8) Onani kuti onse aŵiriwo anamwalira banjalo lili paulendo. Yakobo sanakhale pamalowo, koma anasiya chizindikiro. Palibe pamene cholembedwacho chimamdzudzula chifukwa cha zimenezo.

8. Kodi anthu a ku Aberfan anachitanji ndi malo amene panali sukulu ya ana awo?

8 M'nthaŵi yathu ino, midzi yathunthu yachita zofananazo. Mmaŵa wa pa October 21, 1966, mulu waukulu wa zinyalala za mumgodi wa malasha unagumukira pamudzi wa Aberfan ku Wales, nukwirira sukulu ya Pantglas. Panafa ana 116 ndi achikulire 28. Pamalo pamene panali sukuluyo sipanamangidwe ina. Panakonzedwa munda wa maluŵa ndi mitengo, kumene makolo ndi opulumuka akhala akupita kwa zaka makumi ambiri. Mu Pretoria mwenimwenimo, paphiri la Salvokop, muli Freedom Park, kumene mtundu wa South Africa umakumbukira amene anafa m'nkhondo ndi m'kulimbana kwake, pakati pa miyala, madzi, ndi zomera za m'dzikomo. Ngati mitundu imafuna malo otero, kodi nkodabwitsa kuti atate ndi amayi amawafunanso?

9. Kodi munda wokumbukira umasiyana motani ndi kachisi wa mizimu?

9 Komabe, mpofunika kusiyanitsa zinthu. Makolo athu akale anali kuthira nsembe za ufa ndi moŵa patsinde pa mitengo ina pofuna kupembedza mizimu. Baibulo limaletsa kufunsira kwa akufa. (Deuteronomo 18:10-12) Munda wokumbukira mwana suli wa cholinga chimenecho. Suli malo opemphapo mvula, mwaŵi, kapena chitetezo, ndipo suli wotonthoza mwanayo monga ngati kuti akwiya akaiŵalidwa. Uli wa amoyo. Kholo lirilonse lingadzifunse kuti: ‘Kodi ndimapita pamalowa chifukwa cha chikondi kapena chifukwa cha mantha? Nditalephera kuthirira mlungu wathunthu, kodi ndimaopa kuti tsoka lindigwera?’ Ngati chosonkhezera chili chikondi, chikumbumtima chingakhale pamtendere. Ndipo popeza kuti imeneyi ndi nkhani yaumwini, amene sakufuna munda sayenera kuweruza amene ali nawo, ndiponso amene ali nawo sayenera kuganiza kuti enawo anakonda ana awo pang'ono.—Aroma 14:4.

Mmene Munda Umathandizira

10. Kodi kugwira khasu kumagwirizana motani ndi zimene ofufuza apeza ponena za kulira?

10 Choyamba, munda umapatsa manja ntchito. Mu 1999, ofufuza aŵiri a payunivesite ya Utrecht ku Netherlands, Margaret Stroebe ndi Henk Schut, analongosola kuti munthu wofedwa samachira mwa kungolira kosalekeza, ndiponso samachira mwa kungodzitanganitsa. Iye amasinthasintha. Nthaŵi ina amayang'anizana ndi imfayo, nthaŵi ina amapuma mwa kusamalira zofunika za moyo, ndipo kusinthasintha kumeneko nkwabwino. M'munda zonse ziŵiri zimachitika pamalo amodzi. Mayi angayambe kupalira akulira, ndiyeno nkupeza kuti maganizo ake atembenukira ku nsabwe za m'masamba zimene zikuwononga maluŵa ake. Mphindi zoŵerengeka zimenezo za kupuma sizili kuiŵala mwana. Zili mpweya umene mtima umafunikira kuti upitirize ulendo.

11. Kodi nchiyani chimene chimasonyeza kuti kuona zomera kumathandiza munthu wovutika?

11 Chachiŵiri, zomera zimakhazika mtima pansi. Mu 1984, wofufuza wina wa ku United States, Roger Ulrich, anafalitsa zimene anapeza atapenda zolembedwa za odwala 46 ochitidwa opaleshoni ya ndulu pachipatala china cha ku Pennsylvania. Odwala amene zenera lawo linayang'ana kumitengo anatuluka msanga ndipo anafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa poyerekezera ndi amene anali kuona khoma lanjerwa. Zoonadi, chisoni sichili bala la mpeni wa dokotala. Komabe, kufufuzako kumavomerezana ndi zimene alimi adziŵa kuyambira kale. Woŵerenga Baibulo amakumbukira kuti mudzi woyamba wa munthu unali munda, ndipo ntchito yake yoyamba inali kuulima ndi kuuyang'anira.—Genesis 2:8, 15.

12, 13. Kodi munda ungathandize motani (a) mwamuna ndi mkazi wake? (b) ana otsala?

12 Chachitatu, munda ungagwirizanitse banja. Kaŵirikaŵiri mwamuna ndi mkazi samalira mofanana. Mnyamata amakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, chotero atate angangokhala duu, namabwera mochedwa kuchokera kuntchito. Amayi angaganize kuti mwamuna wawo sakumva kanthu, pamene atate angaganize kuti kutchula mwanayo kudzawonjezera misozi ya mkazi wawo. Koma mwamuna amene sangathe kunena zakukhosi angathe kukumba dzenje, kupinda waya, ndi kututa manyowa. Pamene mkazi aona mwamuna wake akuwongola mawilo a galimoto yawaya yonga imene anapangira mwana wawo, amamva zimene pakamwa palephera kunena. Makambitsirano ambiri ovuta amayamba mosavuta pamene anthu aŵiri aŵeramira ntchito imodzi.

13 Ana otsala nawonso amalira, ngakhale kuti achikulire samazindikira nthaŵi zonse. Ena amadziimba mlandu mwakachetechete, akumaganiza kuti mkangano wa tsiku lina ndiwo unadwalitsa mng'ono wawo. Ena amaopa kufunsa mafunso. Apatseni mbali m'mundamo. Wina angapake utoto pamiyala, wina angasankhe mbewu, wina angakhale wothirira. Ali mkati mwa ntchitoyo, mwana angafunse kuti: ‘Amayi, kodi ine ndidzafanso?’ Umenewo uli mpata wa kuyankha zoona m'mawu osavuta. Peŵani kunena kuti mbale wake wapita paulendo, pakuti mwana wamng'ono angamdikire pakhomo kapena kuyamba kuopa pamene atate anyamula chikwama.

Nanga Bwanji za Zoseŵeretsa?

14. Kodi nchifukwa ninji makolo ena amasankha munda wamaseŵera mmalo mwa waulemu wonga wa kumanda?

14 Koma kodi nchifukwa ninji kuikamo zinthu zoseketsa? Chifukwa chakuti wokumbukiridwayo anali mwana. Makolo ambiri amavutika ndi zithunzi za masiku omalizira: thupi lotentha usiku, ulendo wa kuchipatala, kabokosi kopepuka kwambiri. Zithunzi zimenezo zimaphimba zaka kapena miyezi yonse yachimwemwe. Munda wamaseŵera umabwezera zinthu m'malo mwake. Ngati mtsikanayo anali kukonda phada ndi masanje, timiphika tadothi tingakhale pakati pa maluŵa. Ngati mnyamatayo sanali kulekana ndi mpira wachikulunga, mpirawo ungapachikidwe pamtengo. Ngati anali kuthamangitsa agulugufe, bzalani maluŵa amene amawaitana. Mwala wa pamanda umanena tsiku limene mwanayo anabadwa ndi limene anamwalira. Munda umasimba zimene zinachitika pakati pa masiku aŵiriwo.

15. Kodi kholo lofedwa liyenera kudziimba mlandu litaseka? Longosolani.

15 Kholo lina limadziimba mlandu pamene liseka kwa nthaŵi yoyamba pambuyo pa maliro, monga ngati kuti lapereka mwana wake. Koma Mfumu Solomo anaika kulira ndi kuseka pamodzi monga zinthu ziŵiri zimene chilichonse chili ndi nyengo yake. (Mlaliki 3:1, 4) M'moyo wa wofedwa, nyengo ziŵirizo zingafike patsiku limodzi, ngakhale paola limodzi. Ndiponso, talingalirani mmene mneneri Zekariya analongosolera mtendere umene Mulungu analonjeza Yerusalemu wopasukayo. Sanatchule malinga kapena asilikali. Anatchula nkhalamba zokhala m'makwalala ndi ndodo zawo, ndi anyamata ndi atsikana odzaza makwalalawo akuseŵera. (Zekariya 8:4, 5) Ngati maseŵera a ana ali chithunzi cha dalitso, sangakhale chipongwe pokumbukira mwana.

16. Kodi makolo angachitenji ngati ana a anansi akopeka ndi mundawo?

16 Munda wotero udzakopa ana a anansi, ndipo nkwanzeru kulingalira zimenezo pasadakhale. Makolo ena amakondwera kumva phokoso la ana pabwalo pawo kachiŵirinso, mogwirizana ndi mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ena sanakonzekere, ndipo nawonso sakulakwa. Chinthu chimene mwanayo anachigwira ndi manja ake, chimene kusoŵa kwake kungakuswetseni mtima, chisungeni m'nyumba. Pabwalo ikanipo chofanana nacho chimene dzuŵa, mvula, ndi timanja ta ana zingawononge popanda kukupwetekani.

Kuyamba ndi Zimene Muli Nazo

17. Kodi nchifukwa ninji kusoŵa malo kapena ndalama sikuyenera kulepheretsa munthu?

17 Mabanja ambiri obwera kudzagwira ntchito m'matauni onga Ga-Rankuwa, Soshanguve, ndi Mabopane amakhala m'zipinda za lendi kuseri kwa nyumba ya mwini malo. Kodi zimenezo zikutanthauza kuti sangakhale ndi munda? Kutalitali. Tayala limodzi, chidebe chobooka, kapena beseni lakale limene munali kusambitsiramo mwanayo zingakwane. Pemphani chilolezo kwa mwini nyumba, ndipo ngati nkotheka muuzeni chifukwa chake. Kwa munthu wa lendi, zobzala m'zitini ndi m'zidebe zili ndi ubwino wakuti zimasamuka naye. Musaloŵe m'ngongole, pakuti maliro amakhala atadya kale zambiri. Ndiponso musafulumire. Ena amayamba patapita mwezi umodzi, ena patapita zaka khumi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

18. Kodi ndi zomera zotani zimene zingayenerere dera la Pretoria?

18 Sankhani zomera zogwirizana ndi nyengo ya kwanuko. M'dera la Pretoria mvula imagwa makamaka kuyambira October kufikira March, ndipo miyezi ya June ndi July njouma ndi yozizira, nthaŵi zina yachisanu usiku. Chitsamba chotchedwa spekboom chimapirira chilala ndipo chimamera mosavuta mwa kungozika nthambi, chotero mungagaŵireko achibale. Mitundu yambiri ya aloe imachita maluŵa m'nyengo yozizira, pamene zina zonse zauma, ndipo imaitana timbalame toyamwa timadzi ta maluŵa. Mpendadzuŵa amakula msanga ndipo amasangalatsa ana. Ena amakonda kubzala za kwawo: maungu opatsa nkhwani, bonongwe, kapena mapesi oŵerengeka a chimanga. Mitengo ya jacaranda imene imakongoletsa Pretoria mu October njaikulu kwambiri kwakuti siyenerera bwalo laling'ono. Madzi akasoŵa, otsukulizira zovala angathirire maluŵa.

19. Kodi makolo ayenera kukonzekeratu chiyani?

19 Konzekeranitu kuti zomera zina zidzafa. Chisanu chidzapsereza masamba, mbuzi kapena nkhuku zidzaloŵa, ndipo matalala a m'chilimwe angagwetse zonse m'mphindi zoŵerengeka. Kwa kholo limene linaika mtima wake wonse pakamtengo kamodzi, kuuma kwake kungamveke ngati maliro achiŵiri. Chotero nkwanzeru kubzala zinthu zingapo mmalo mwa chimodzi, ndi kusunga mbewu ndi nthambi zina pambali. Kumbukirani kuti mtengowo suli mwana wanu. Kufota kwake sikuli malodza, ndipo sikutanthauza kuti mwalepheranso. Zulani, thirani manyowa, ndi kubzalanso. Tsiku lobwerera kumudzi likafika, mbewu zoŵerengeka kapena galimoto yawaya ija zidzakhala chiyambi cha munda wina.

Zimene Munda Sungachite

20. Kodi ndi liti pamene wofedwa afunikira chithandizo choposa cha munda?

20 Munda suli mankhwala a zonse. Kulira mwana kumatenga zaka, ndipo palibe amene ayenera kuikira mnzake tsiku lomalizira. Komabe, kwa ena chisoni chimakhalabe chowopsa kwa nthaŵi yaitali kwakuti amalephera kudya, kugona, kugwira ntchito, kapena kusamalira ana otsala. M'ndandanda yake ya matenda imene inayamba kugwira ntchito mu 2022, bungwe la World Health Organization linaphatikizamo chisoni chopitirira chotero monga vuto lofuna chithandizo. Ngati mundawo wasanduka pobisalira, ngati moŵa wayamba kuloŵa m'malo mwa tulo, kapena ngati munthu akunena za kufuna kutsatira mwana wake, musazengereze. Pitani naye kuchipatala. Mu South Africa, bungwe la South African Depression and Anxiety Group limathandiza anthu otero patelefoni. Kufuna chithandizo sikuli kupanda chikhulupiriro, monga momwe kumanga mwendo wothyoka sikuliri kupanda chikhulupiriro.

21. Kodi tikuphunziranji kwa mabwenzi a Yobu ndi kwa makolo a ku Coventry?

21 Ndiponso munda sungaloŵe m'malo mwa anthu. Mutu umodzi susenza denga. Yobu anataya ana khumi patsiku limodzi. Mabwenzi ake atatu anakhala naye pansi masiku asanu ndi aŵiri osanena kanthu, koma pamene anatsegula pakamwa ndi kuyamba kufunafuna tchimo limene linadzetsa tsokalo, anawonjezera ululu wake. (Yobu 1:2, 18, 19, 2:13, 16:2) Mu 1969, mumzinda wa Coventry ku England, mbusa wachichepere wa pachipatala, Simon Stephens, anakumanitsa makolo ofedwa ana ataona kuti iwo anali kutonthozana bwino kuposa mmene iye akanachitira. Pamenepo mpamene panayambira gulu la The Compassionate Friends, limene linafalikira kumaiko ambiri, kuphatikizapo South Africa. Phunziro nlomveka: wolira amafuna womvetsera woleza mtima, osati womasulira zifukwa.

22. Kodi ife mumpingo tingathandize motani banja lofedwa mwana?

22 Nangano tingachitenji? Peŵani mawu onga akuti, ‘Mukali aang'ono, mudzabereka wina,’ kapena akuti, ‘Mwina pali amene wachita zimenezi.’ Oyambawo amachepetsa mwanayo, ndipo achiŵiriwo amabzala udani pakati pa achibale. Mmalomwake, tchulani dzina la mwanayo. Simbani kanthu kena koseketsa kamene munamuona akuchita. Ngati makolowo ali ndi munda, pemphani kuti akuonetseni, ndipo funsani tanthauzo la chinthu chilichonse. Bweretsani nthambi yozika kapena thumba la manyowa. Dziperekeni kuthirira pamene iwo apita kumudzi. Lembani penapake tsiku limene mwanayo anamwalira kuti chaka chamaŵa mudzafike pakhomopo, pamene ena onse adzakhala ataiŵala. Maliro nkulirana, ndipo kulirana sikumathera kumanda.—Aroma 12:15.

Kudikira Monga Mlimi

23. Kodi Yesu anasonyeza motani mmene amaonera makolo ofedwa ana?

23 Mauthenga Abwino amasimba za anthu atatu amene Yesu anawaukitsa, ndipo aŵiri mwa iwo anawabwezera kwa makolo awo. Wina anali mwana mmodzi yekha wa mkazi wamasiye wa ku Nayini. (Luka 7:11-15) Wina anali mwana wamkazi wa Yairo, wa zaka 12. Mtsikanayo atauka ndi kuyamba kuyenda, makolo ake ali kakasi, Yesu anawakumbutsa kuti ampatse chakudya. (Marko 5:35-43) Ha, nkukoma mtima kotani nanga! Iye anadziŵa kuti manja a mayiyo anali kulakalaka kuchitiranso mwana wake kanthu kena. Nzochititsanso chidwi kuti manda a Yesu mwiniyo anali m'munda, ndi kuti Mariya wa Magadala, akulira mmamaŵa, poyamba anamyesa wosunga munda.—Yohane 19:41, 20:11-16.

24. Kodi munda umaphunzitsanji kholo lolira?

24 Polongosola chiukiriro, mtumwi Paulo anagwiritsira ntchito fanizo la mbewu yofesedwa m'nthaka. (1 Akorinto 15:35-38) Mlimi aliyense amalimvetsa fanizo limenelo. Iye amakwirira mbewu, nabwerera kunyumba chimanjamanja, ndipo kwa masiku ambiri samaona kanthu koma dothi. Sangafulumize mvula, ndipo safukula mbewuyo kuti aone ngati ikumera. Amadikira akugwira ntchito ya tsikulo. Mmenemo ndimo mmene makolo ofedwa amakhalira. Kamunda ka m'matayala atatu kaja sikadzabweza mwana wawo, ndipo sikadzaumitsa misozi yonse. Koma mmaŵa uliwonse kamawapatsa chifukwa chotulukira pabwalo ndi chitini cha madzi, malo otchulirapo dzina la mwana wawo popanda manyazi, ndi mpata wa kumwetulira pokumbukira mmene iye analili. Tiyeni tiime nawo pamenepo, ndipo pamene manja awo alema, tiwalandire chitinicho.

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi ndi mikhalidwe yotani imene imalekanitsa makolo ndi manda a mwana wawo?

□ Kodi munda wokumbukira umasiyana motani ndi malo opembedzerapo mizimu?

□ Kodi nchifukwa ninji zoseŵeretsa sizili chipongwe pokumbukira mwana?

□ Kodi ndi liti pamene wofedwa afunikira chithandizo cha kuchipatala?

□ Kodi inuyo mungachitirenji banja lofedwa mumpingo mwanu?